Mng'ono wanuyo muyambitseni ndi Tsotsi

Achimwene, mwati mng'ono wanu wabwerako ku Joni chimanjamanja, akungodzitsekera m'nyumba ku Ulongweko ku Mozambique n'kumati iye ndi munthu wachabechabe, ndiye mukufuna mafilimu oti angamudzutseko mtima. Ine ndingoti musamupatse aja a ngwazi zopanda banga, munthu wodziona wolephera akaonera zimenezo amangoti awo ndi anzathu amwayi basi. Mupezereni a zigawenga, zidakwa ndi anthu osokonekera mutu, amene amasintha koma zoipa anachita zija osafufutika.

Yoyamba ikhale Tsotsi, ya ku South Africa komweko, inatuluka 2005 ndipo inawina Oscar mu 2006. Mnyamata wotsogolera kagulu ka mbava ku Johannesburg amawombera mayi wina n'kumulanda galimoto, atathawa nayo ndi pomwe akuona kuti kumbuyo kuli khanda. Amalinyamula m'chikwama cha pepala kupita nalo ku kachisakasa kake, kuti aliyamwitse chani alibe, mpaka kukaloza mfuti mayi wina wa mwana kuti amuyamwitsire. Chimene ndimaikondera filimuyi n'choti sakumusandutsa mngelo ayi, mayi anamuwombera uja walumala ndithu, apolisi akumusakabe, koma iye akubweza mwana ndi manja ake akudziwa bwino lomwe kuti amangidwa. Komanso chilankhulo cha mmenemo ndi nyimbo za kwaito mng'ono wanuyo anazimva kale ali konko, sizikhala zachilendo. Kungoti ngati kumeneko anakumana ndi zoopsa muyambe mwaionera nokha kaye.

Ikamulemera imeneyo, mtsitseni ndi The Suicide Squad ya 2021, osati ya 2016 chonde, anthu amazisokoneza. Akaidi oikidwa mabomba m'mutu akutumizidwa kukagwira ntchito yonyansa ya boma, boma lija litawauza kuti zatha bwererani iwo akukana n'kubwerera kukapulumutsa mzinda. Ndiye amene akumaliza nkhondo yonse ndi mtsikana woweta makoswe, amasewera ndi Daniela Melchior wa ku Portugal, inde makoswe omwewa timatchera misamphawa. Ndi yoseketsa heve koma magazi ndi kutukwana ndiye mbwee, ana akagone kaye.

Logan ya 2017 ndi yabwinonso, Wolverine, munthu wa zikhadabo zachitsulo, atakalamba, akumwa mowa, akuyendetsa galimoto yahayala kuti apeze ya mankhwala a nkhalamba Charles Xavier. Koma ndi yachisoni kwambiri, ibwere pambuyo. Yoonera banja lonse ndi Wreck-It Ralph ya 2012, katuni ya munthu woipa wa mu gemu amene amagona kudzala anzake akudya keke, musaiderere poti ndi ya ana.

Ena mugulu muno atchula Joker ya 2019, ine ayi ndithu. Filimuyo ndi yokoma koma munthu wake sadzuka, amangomira mpaka anthu kumuwombera m'manja atapha, si ya munthu amene mtima uli pansi.

Mamega a Movitel kapena Vodacom musawonongere, pitani kwa anyamata oika mafilimu mu fulashi kumsika, muwauze akupatseni yomasulira Chipwitikizi kapena ya mawu olembedwa pansi, chifukwa aja a ma DJ omasulira m'Chichewa amaika nthabwala ngakhale pamalo olira. Muonere naye limodzi osamulalikira pakati pa filimu, ndipo akayamba kukamba zodzipha kapena kukana chakudya mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.