Kodi mnzanu woperewera ndalama atsale pa ulendo wa ku Ulaya?

Achemwali ena a ku Leeds, ku Britain, andilembera imelo. Akuti alipo anayi, onse Amalawi, ndipo akufuna kuzungulira mayiko a ku Ulaya kwa masabata awiri ndi zikwama zakumsana, koma mmodzi wa iwo m'thumba mwake simuli bwino. Akufunsa kuti: timuuze atsale, kapena tichite chiyani kuti ulendowu utchipe?

Achemwali, ndachedwa kukuyankhani masiku atatu chifukwa kalata yanuyi yandikhudza pa bala. Mnzanu woperewera ndalamayo ndinali ine.

Munali mu 2019. Ndinali pa sukulu ku Leicester, ndipo viza yanga inkandilola kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Ndalama ya maola amenewo ndi imene inkalipira lendi, kugula chakudya, kulipira fizi ya mng'ono wanga ku sekondale, ndi kugulira amayi feteleza ku Ntcheu. Anzanga atatu anali kale pa ntchito, awiri mwa iwo manesi. Atanena za ulendo wa ku Berlin ku Germany, Prague ku Czechia, Budapest ku Hungary mpaka Venice ku Italy, ndinavomera msanga, ndisanawerenge n'komwe zomwe ndinali nazo. Ndinkaopa kuti ndikakana kamodzi sadzandiitananso.

Mavuto anayambira ku Berlin tsiku loyamba lomwe. Masana tinayenda bwino. Tinaona khoma lija lomwe linagawa mzindawu mpaka 1989, mbali yomwe anaisiya ili chiimire n'kuijambula zithunzi. Tinafikanso pa msewu wa Wilhelmstraße pamene pali chikwangwani chokumbutsa msonkhano wa 1884 ndi 1885, umene azungu anakhalirana pansi n'kugwirizana za momwe agawanire Africa, popanda wa ku Africa ndi mmodzi yemwe pa tebulopo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinakumbukira mzere umene ndinaima pokapempha viza, mapepala a ku banki ali m'manja, kalata ya ku sukulu, umboni wa komwe ndikagone usiku uliwonse, pamene anzanga a m'kalasi a ku Britain ankangodzuka Lachisanu n'kukwera ndege. Mpaka lero zimenezi zimandiwawa. Ife timayamba kulipira ulendo tisanaponde n'komwe pa bwalo la ndege, ndipo akakukana viza ndalamayo sabweza.

Koma nkhani yanga ndi ya madzulo. Dzuwa litalowa anzanga anati tikadye ku lesitilanti. Nditaona mitengo ndinati ndakhuta, ndingomwa madzi. Mawa lake ndinati m'mimba simuli bwino. Tsiku lachitatu ndinati ndatopa, pitani mundipeza. Kumene tinkagona kunali ku hositelo, chipinda chimodzi mabedi 8 osanjikizana, anthu osadziwana. Ine ndinali pa bedi la pamwamba. Anzanga akatuluka ndinkatulutsa buledi ndi chiponde zomwe ndinabisa pansi pa zovala m'chikwama, n'kumadya nditayang'ana kukhoma, kwinaku ndikutola nyenyeswa pa nsalu yofunda kuti pasaoneke kanthu.

Ku Prague ndiye kunagwa tsoka. Ndinagula bwinobwino tikiti ya tiramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, koma sindinadziwe kuti ukakwera umayenera kuilowetsa m'kabokosi kachikasu kuti kadinde nthawi. Tikiti yosadinda imawerengedwa ngati ulibe. Oyendera matikiti atafika, ndinalipira chindapusa ndi ndalama yomwe ndinasungira chakudya cha masiku angapo. Anzanga anati pepa, n'kupitiriza kucheza. Kwa iwo inali ngozi yaing'ono. Ine miyendo inazizira. Ndinawoloka mlatho wotchuka uja wa Charles Bridge ndikuwerengetsa ndalama m'mutu, ndipo mutandifunsa lero kuti unkaoneka bwanji sindingakuuzeni zambiri.

Apa ndiye ndikuuzeni maganizo anga mosapsatira, achemwali. Funso lanu lakuti "timuuze atsale" sindinalikonde. Inu atatu mwakambirana kale za thumba la mnzanu iye kulibe, ndipo mwalembera ine mlendo musanamufunse mwini wakeyo. Mukudziwa zomwe amatumiza kumudzi mwezi uliwonse? Mukudziwa kuti akuphunzitsa ana angati? Ambiri a ife kunja kuno malipiro amodzi amadyetsa makomo atatu. Munthu wotereyu si wolephera kusunga ndalama. Ndipo ndikuuzeni, iye akudziwa kale kuti mukumukambirana. Timadziwa ife. Timaona pamene nkhani yaduka tikalowa m'chipinda.

Chinanso chomwe chimandinyansa ndi maulendo okonzedwa chifukwa cha zithunzi za pa Facebook ndi Instagram. Munthu kugula khofi wa mtengo wa chakudya cha tsiku lonse kuti ajambulitse kapu ili pa tebulo, anthu kumudzi aone kuti zikuyenda. Kenaka abale omwewo akupempha thandizo lochuluka chifukwa aona zithunzi, ndipo iwe ukudandaula kuti sakumvetsa. Walira mvula walira matope. Ulendo wotere umamufinya woperewera ndalama uja kuposa wina aliyense, chifukwa malo ojambulitsawo ndi amene amadula.

Komanso musaganize kuti yankho ndi kungomulipirira chilichonse. Kulipiriridwa pagulu, wina akutulutsa khadi n'kunena mokweza kuti "usadandaule, ndakulipirira", kumalemera kuposa njala. Ukafika tsiku lachisanu sungathenso kunena kuti ine kumeneko sindikufuna, chifukwa wasanduka mwana wonyamulidwa.

Chomwe chinandipulumutsa chinachitika ku Mestre, tauni yoyandikana ndi Venice. Tinagona kumeneko chifukwa mkati mwa Venice malo ogona ndi odula kwambiri, pamene kuchoka ku Mestre ndi mphindi pafupifupi 10 pa sitima. Wamkulu mwa ife, mayi wa ku Mzimba, anatuluka yekha madzulo n'kubwera ndi jumbo. Munali tomato, anyezi, kabichi, nsomba za m'chitini, ndi ufa wa chimanga. Anthu a kumpoto kwa Italy amadya phala lolimba la chimanga lomwe amalitcha polenta, ndipo dera la Venice kuli ufa wake woyera. Ndi wamisere kuposa wathu, umatenga nthawi kuti upse, koma nsima imatheka. M'khitchini ya hositeloyo munalibe mthiko. Anavundula ndi supuni yamtengo yaifupi, poto akumugwira ndi kansalu, nthunzi ikumuwotcha dzanja, achinyamata awiri a ku Korea ataima pambali kuonerera. Anaomola ndi sosala yoviika m'madzi. Titakhala pansi anandiikira ntanda ziwiri m'mbale, n'kunena motsitsa mawu, osandiyang'ana: "Iwe mwana, ukuganiza kuti sitimaona? Kuyambira lero tikudyera mumphika umodzi."

Ndinalira, nsima ili m'manja. Chakudya chonsecho cha anthu anayi chinatchipa kuposa mbale imodzi ya ku lesitilanti. Usiku womwewo tinatulutsa kope, aliyense ananena ndalama yomwe watsala nayo, ndipo masiku otsalawo tinawakonza motsatira ya ine. Anali masiku atatu okha mwa 14. Ndi okhawo amene ndimawakumbukira bwino.

Za viza

Ngati muli ndi mapasipoti a Malawi, chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichikulowetsani m'mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya omwe amalowedwa ndi viza imodzi. Mukufunika viza ya Schengen, yomwe imakulolani kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 aliwonse. Ine ndinalipira mayuro 60, koma kuyambira mu 2024 ndi mayuro 90, osawerengera ya ofesi yolandira mapepala. Pamafunikanso inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000. Mumapempha ku dziko lomwe mukagoneko masiku ambiri, ndipo mutha kuyamba kutatsala miyezi 6. Yambani msanga, masiku okaperekera mapepala amadzaza chilimwe chikayandikira.

Zina zonsezo n'zachidule. Khalani pansi anayi nonse, mnzanuyo anene yekha ndalama yomwe angathe pa tsiku, ndipo imeneyo ikhale muyezo wa onse. Wofuna zodula akachite payekha masana amodzi. Pitani mu Meyi kapena Seputembala, osati Julayi ndi Ogasiti. Chepetsani mizinda, itatu yakwana. Kraków wa ku Poland ndi Budapest n'zotchipa kuposa Paris ndi Amsterdam, koma kumbukirani kuti Poland, Hungary ndi Czechia ali ndi ndalama zawozawo, osati yuro. Mabasi a usiku ngati a FlixBus amakupulumutsirani ndalama ya bedi. Tikiti ya sitima ya Interrail, yomwe imakulolani kukwera sitima m'mayiko ambiri a ku Ulaya, mutha kugula popeza mumakhala ku Britain, koma sitima zothamanga za ku France ndi Italy zimafuna kulipiranso mpando padera, choncho werengetsani kaye. Ndege zotchipa zimalipiritsa chikwama chachikulu. Sankhani hositelo yokhala ndi khitchini, muzisonkha ndalama ya chakudya m'thumba limodzi m'mawa uliwonse, mofanana. Matikiti a tiramu muzidinda. Ufa mukaupeza komweko, koma mthiko nyamulani wa kunyumba.