Kodi dzanja la bambo anga lili mwa ine?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa zaka 24 wa cha ku Tsangano, ku Ntcheu. Dzina ndalisunga. Akuti agogo ake aamuna ankamwa kachasu n'kumamenya agogo aakazi. Bambo ake nawo akangogulitsa mbatata amasowa masiku awiri, pobwera m'thumba muli mbee, ndipo amayi akafunsa, yankho limakhala chibakera. Iyeyo samwa, amayimba kwaya. Koma mwezi watha anasemphana mawu ndi mtsikana amene akufuna kumanga naye banja, ndipo anangozindikira atam'menya mbama. Mneneri wina wamuuza kuti ndi temberero la kumtundu, apite ndi ndalama ya mafuta odzozedwa. Funso lake ndi lakuti: "Kodi zimenezi zili m'magazi? Ndingazithawe?"

Mphwanga, ndalama yakoyo isunge kaye.

Ndikudziwa vesi limene akuopsezera nalo. Ndi Eksodo 20:5, pamene Mulungu akunena za kulanga ana chifukwa cha zoipa za makolo mpaka m'badwo wachitatu ndi wachinayi. Vesi lotsatira, lonena za chifundo chofikira anthu zikwizikwi, kawirikawiri saliwerenga, mwina poti silibweretsa chopereka. Tsegula Ezekieli 18. Aisiraeli ali ku ukapolo ku Babulo anali ndi mwambi wawo wakuti makolo adya mphesa zosapsa koma mano oyayamira ndi a ana. Kwathu kuno timati make mbuu, mwana mbuu. Mulungu anawaletsa mwambi umenewo. M'mutu womwewo akufotokoza za mwana amene waona machimo onse a bambo ake, n'kulingalira, osachita nawo, ndipo akuti ameneyo adzakhala ndi moyo. Tamva mawuwo: waona, walingalira. Iwe waona kale, ndipo kalata yakoyi ndiko kulingalirako.

Sindikunena kuti za kumtundu zilibe mphamvu. Zili nayo, koma njira yake ndi maso ndi makutu. Abrahamu ananama kuti Sara ndi mlongo wake. Isake atafika ku Gerari ananama bodza lomwelo za Rebeka. Isake anakondera Esau, Yakobo n'kudzakondera Yosefe, mpaka abale ake kumugulitsa. Palibe anawalodza. Mwana amaphunzira za banja asanadziwe kuti akuphunzira. Koma m'Baibulo momwemo muli Yosiya, mdzukulu wa Manase, mwana wa Amoni, mafumu awiri oipa motsatizana. Analowa ufumu ali ndi zaka 8, nakhotera kwina.

Ndikuuze zanga. Ine ndinakulira kuno ku Dedza, m'nyumba imene tinkadziwa za usiku umenewo pomva mmene njinga ya bambo yagwera pakhonde. Ikatsamiritsidwa bwinobwino, tinkapuma. Ikagwa kuti phofo, amayi ankazimitsa koloboyi, ife n'kudzifunditsa bulangeti kumutu ngati tagona. Ndinalumbira kuti ine ayi. Nditakwatira, mowa sindinaukhudze, ndipo ndinkadziyesa mfulu. Tsiku lina m'mwezi wa June, kukuzizira monga mudziwira Dedza, ndinapeza nsima itazizira. Ndinaponya mbale pansi. Mwana wathu wamkazi, wa zaka zitatu panthawiyo, anathamangira kuseri kwa chitseko n'kugwira makutu. Kagwiridwe kake ka makutu kanali kanga ndendende. Kachasu ndinali nditamuthawa, koma mkwiyo wa bambo ndinali nditausamutsira m'nyumba mwanga wonse wathunthu, ndipo Lamulungu ndinkavala jekete n'kukatsogolera nyimbo.

Chimene chinandithandiza si pemphero la usiku umodzi. Ndinakaulula kwa mkulu wa mpingo wina wachikulire wa kumlaga kwathu. Sanandikalipire, sanandinyengererenso. Anati ndizipita kwawo kukadya nawo chakudya chamadzulo kamodzi pa sabata. Kumeneko ndi kumene ndinaona koyamba mwamuna ndi mkazi wake akutsutsana pa nkhani ya feteleza, mawu osakwera, mkazi n'kupambana, mwamuna n'kuseka. Ndinali ndi zaka pafupifupi 30 koma zimenezo ndinali ndisanazionepo. Mpingo ukamatchedwa banja la Mulungu, phindu lake lina ndi limeneli: umakubwereka bambo wina woti uonereko. Funa wotere, kaya kumlaga, kaya kulimana ngati ndiwe Mkatolika. Usasankhe wodziwa kulalikira. Yang'ana nkhope ya mkazi wake ndi mmene ana ake amachitira iye akamalowa m'nyumba.

Mkuluyo anandiphunzitsanso kudziwa chiyambi cha mkwiyo m'thupi mwanga. Ine umayamba ndi kutentha m'khosi. Zikatero ndimatuluka, kuyenda mpaka kumjigo, kupemphera mawu ochepa, n'kubwerera. Anthu ena amaseka kuti chimenecho n'chauzimu ngati? Paulo pa Agalatiya 5 anaika kudziletsa pamndandanda wa chipatso cha Mzimu, ndipo chipatso sichipsa tsiku limodzi.

Za mowa, poti sumwa, usayambe. Koma ona pamene bambo ako amagwera: ndi tsiku la ndalama. Iwenso ukadzagulitsa matumba ako pamsewu wa M1, ndalama isagone m'thumba. Iike pafoni kapena kubanki m'khonde, ndipo mnzako wapabanja adziwe kuti yalowa zingati.

Tsono za amayi ako. Kulemekeza bambo ako, monga lamulo lachisanu linenera, sikutanthauza kuwaphimbira pamene akuvulaza munthu. Ukhoza kuwakhululukira, kuwapempherera, kuwagulira shuga, koma nkhanzazo n'kuzikana. Yamba ndi ankhoswe ndi amalume ako. Zikapitirira, dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Kupita kumeneko si kusowa chikhulupiriro. Amene amauza amayi omenyedwa kuti "banja ndi kupirira" aziyamba afunsa kuti akupirira chiyani. Paja ngakhale kukwatiwitsa ana aang'ono tinkati ndi mmene makolo ankachitira, mpaka Inkosi Theresa Kachindamoto kuno ku Dedza inayamba kuthetsa maukwati otero, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18.

Chovuta kwambiri ndachisiyira kumapeto. Mbama ija sanamenye ndi agogo ako, sanamenye ndi chiwanda. Unamenya ndiwe. Ukapita kukapepesa kwa mtsikanayo, usapite wekha madzulo ndi kamphatso. Pita masana, pamaso pa azakhali ake kapena munthu wamkulu amene iyeyo amamudalira. Usanene kuti "unandiputa", usanenenso kuti "Satana anandinyenga". Nena chimene unachita, umuuzenso za kwanu monga wandiuzira ine, ndi dzina la mkulu amene wayamba kukumana naye. Za chinkhoswe muziimike kaye miyezi ingapo, aone yekha. Akhoza kukukhululukira koma n'kukana kukwatiwa nawe, ndipo ufulu umenewo ndi wake. Usamutumizire abusa kuti akamukakamize.

Undilemberenso mukakumba mbatata, undiuze kuti mkuluyo wamupeza ndipo wadya kwawo kangati.