Piki ikamakana kuthamanga: yankho kwa woimba lead

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amaimba lead mu bandi ya kutchalitchi kwawo. Akuti kwa miyezi yambiri wakhala akuyeserera ndi metronome (kachipangizo kogunda mofanana kosungitsa nthawi ya nyimbo), manotsi anayi pa kugunda kulikonse. Amayambira pa kugunda 60 pa mphindi, ndipo akaona kuti zikumveka bwino amawonjezera 5. Koma akangofika cha pa 110 mkono umauma, piki (kapulasitiki komenyera nsambo) n'kumakodwa m'nsambo. Akufunsa ngati angolimbikira momwemo, kapena avomereze kuti manja ake sanabadwe ndi liwiro.

Achimwene, manja anu alibe mlandu. Njira mukutsatayo ndi yabwino pokonza ukhondo wa kaimbidwe, koma payokha siphunzitsa liwiro. Munthu akamayenda n'kumafulumizako pang'onopang'ono, amangofika poyenda mwandawala, sayamba kuthamanga, chifukwa kuthamanga n'kayendetsedwe kena ka miyendo. Dzanja la piki ndi chimodzimodzi. Pa 60 mumakhala ndi nthawi yambiri, ndiye dzanja limamenya nsambo, kudumphira m'mwamba, n'kubweranso kudzamenya. Kudumphadumphako sikumveka ngati vuto pamene nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono. Koma pa 120, manotsi anayi pa kugunda kulikonse ndiye kuti manotsi 8 pa sekondi imodzi, ndipo dzanja lodumpha limatopa lisanafike pamenepo. Khoma mwagundalo ndi limenelo. Mukapitiriza chonchi muzingonola kayendetsedwe kamene kafika kale pamapeto pake.

Tsono yambani mwazimitsa metronome. Sankhani nsambo imodzi, tinene ya G, kanikizani pa fret 12 (mpata wa nambala 12 pakhosi la gitala), ndipo menyani noti yomweyo kutsitsa ndi kukweza, mofulumira mmene mungathere. Oimba amati tremolo. Ngati mukufuna kumva mmene imamvekera ikapsa, mverani Dick Dale mu "Misirlou" ya mu 1962. Musadandaule zikamamveka zauve poyamba. Chimene mukusaka ndi kayendetsedwe kopepuka, kamene dzanja limangonjenjemera lokha popanda kulikakamiza. Yesani kugwedeza kuchokera pamfundo ya dzanja, kenako yesani kupotokola mkono wonse ngati mukutembenuza kiyi, kenako yesani kuchokera pachigongono. Akatswiri a liwiro amasiyana pa izi, ndiye musalole munthu akuuzeni kuti njira ndi imodzi yokha. Imene ikuthamanga osakupwetekani, yanu ndi imeneyo. Anthu ambiri amadabwa kupeza kuti pa noti imodzi amapitirira 110 ija tsiku lomwelo.

Yang'anitsitsani pikiyo. Igwireni pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kansonga kokha katulukire, mamilimita awiri kapena atatu basi. Ikatuluka kwambiri imalowa pansi pa nsambo n'kumavutika kutuluka. Ipendeketseninso pang'ono kuti izikhudza nsambo ndi m'mphepete mwake, izitsetsereka, osati kumenya ndi mimba yonse. Ndikudziwa ambiri timadula piki kuchokera ku khadi yakale ya ku banki. Khadi yotere imakhala yokhuthala 0.76 mm, ndipo pokwapula makodi imagwira ntchito ndithu, koma pa lead yothamanga imapindika, ndiye noti imatuluka mochedwerapo kuposa dzanja. Jazz III ya kampani ya Dunlop, imene oimba othamanga ambiri amaikonda, ndi ya 1.38 mm, yaing'ono ndi yosongoka. Sikuti mpaka mupeze imeneyo. Iliyonse yolimba, yopitirira 1 mm, ikuthandizani.

Mukapeza kayendetsedwe kaja, lowetsani dzanja lamanzere, koma pang'onopang'ono m'kuchuluka kwa manotsi, osati m'liwiro. Apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Tengani manotsi ochepa, mwachitsanzo a pa ma fret 5-7-8-7-5 pa nsambo imodzi, muwaimbe kamodzi pa liwiro lalikulu, prrr, n'kuima. Pumani, masulani phewa, bwerezani. Manotsi asanu amatha msanga mkono usanayambe kuuma, ndipo ubongo umawagwira ngati chinthu chimodzi m'malo mowerenga lililonse palokha. Akakhazikika wonjezerani ena. Noti yoyamba muziimenya mwamphamvu pang'ono kuposa zinzake, chifukwa ndi pamene manja awiriwo amakumanirana. Nthawi zambiri chimene timati "piki ikuchedwa" chimakhala choti zala zamanzere ndi piki sizikufika pa noti nthawi imodzi. Sebene imakomera njira imeneyi, popeza imamangidwa pa tizigawo tatifupi tobwerezabwereza. Mverani Diblo Dibala, amene anaimbapo ndi Kanda Bongo Man ndipo anthu anam'patsa dzina loti "Machine Gun": liwiro lake lili m'tizigawo totere, toyera, tokhala ndendende pa ng'oma.

Chovuta chenicheni ndi kusintha nsambo. Troy Grady, amene wajambula manja a akatswiri ambiri ndi kamera yochedwetsa zithunzi, anaonetsa kuti piki ya othamanga siyenda mowongoka pakati pa nsambo. Imayenda mopendekeka, kotero kuti mbali imodzi imalowa pakati pa nsambo, mbali inayo imatulukira pamwamba pake. Katswiri wa gitala yothamanga Yngwie Malmsteen, mwachitsanzo, piki yake imatulukira pamwamba akamakweza, ndiye mizere yake yambiri amaikonza kuti azisamukira ku nsambo ina atangomaliza kukweza. Kwa inu phindu lake ndi ili: imikani foni cha kumutu kwa gitala, iloze ku dzanja lamanja, mudzijambule mukuchita tremolo, ndipo muonere mochedwetsa. Ngati piki ikutulukira pamwamba pokweza, yambani ndi mizere ya manotsi awiri, anayi kapena 6 pa nsambo iliyonse, kuyambira ndi kutsitsa. Yesani 8-5-7-8-7-5 pa nsambo ya E yaing'ono, kenako chimodzimodzi pa B. Mudzaona kuti kusamuka kumangochitika kokha. Mizere ya manotsi atatu pa nsambo iliyonse ndi yovutirapo chifukwa imasinthasintha mbali yosamukira, ndiye ibwere pambuyo. Ndipo si tchimo kuthawa povuta ndi pull-off imodzi (kuliza noti pochotsa chala chamanzere pa nsambo, osamenya ndi piki). Malmsteen yemweyo amatero.

Metronome ibwerere tsopano, koma ntchito yake isinthe. Mukapeza kuti kachigawo kena mukukatha pa 130 koma mwauve, tsikani pa 115 kapena 120, mukayeretse osasintha kayendetsedwe ka dzanja, kenako mukwerenso. Muzisinthasintha chonchi m'malo mokwera makwerero kuchokera pa 60 tsiku lililonse. Poyeretsa zimitsani delay ndi reverb, zimene zimabwereza ndi kutalikitsa mawu a gitala (ife oimba kutchalitchi timazikonda mopitirira muyezo, ndipo zimabisa zambiri). Kenako yatsani distortion (imene imakuza ndi kukhakhalitsa mawu a gitala) pang'ono kuti mumve nsambo zina zimene zikulira zosaitanidwa, muzitseke ndi chikhatho.

Za mkono wouma uja, musazitenge mopepuka. Mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola atatu Loweruka lokha, ndipo kawirikawiri chimene chinakukanikani madzulo mumachipeza chafewa m'mawa mutagona. Kutopa pang'ono kwa minofu n'kwachibadwa. Koma mukamva kubaya pamfundo ya dzanja kapena pachigongono, kapena zala zikamachita dzanzi, ikani gitala pansi tsiku limenelo. Zikapitirira kwa masiku angapo ngakhale mukupuma, pitani kuchipatala akakuoneni musanayambirenso.