Kwa adzukulu anga a ku Britain, pa za chipani cha Conservative

Adzukulu anga, kalata yanu ndailandira. Mukuti anzanu akuntchito amakuuzani kuti munthu wapakatikati, wolipira ngongole ya nyumba ndi kusunga kangachepe kubanki, chipani chake ndi cha Conservative. Mmodzi wa inu wawonjezera kuti poti kumeneko amati aliyense adziyimire payekha, akufuna kuleka kutumiza ndalama kumudzi. Malawi ali mu Commonwealth, ndipo inu amene muli ndi chilolezo chokhala kumeneko mumavota. Ndiye funsoli ndi lalikulu.

Chipanichi chinayamba ngati cha eni minda ikuluikulu ndi a mpingo wa Anglican, otchedwa Tory. Eni masitolo ndi mafakitale atapatsidwa mwayi wovota mu 1832, mtsogoleri wawo Robert Peel anaona kuti kukana kusintha kulikonse kudzachipha chipanicho, ndipo mu 1834 analengeza ku Tamworth kuti adzalola kusintha kwa pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo chakhala chikukopa anthu apakati, osalemera kwambiri komanso osasauka.

Amene anafikitsa zimenezi pachimake ndi mayi Margaret Thatcher. Anabadwira ku Grantham mu 1925, ndipo banja lawo linkagona pamwamba pa golosale ya bambo awo, amene analinso mlaliki wa mpingo wa Methodist. Mwana wokulira kuseri kwa kauntala, akuyeza shuga ndi tiyi pa sikelo, amadziwa msanga kuti khobidi lililonse limawerengedwa. Atakhala nduna yaikulu mu 1979 anatenga maganizo omwewo n'kulowa nawo m'boma: usadye zoposa zimene wapeza, usakonde ngongole, khala ndi nyumba yako. Lamulo la mu 1980 linalola okhala m'nyumba za khonsolo kuzigula pamtengo wotsitsidwa, ndipo zoposa miliyoni imodzi zinagulidwa zaka khumi zisanathe. Mabanja ambiri anagona m'nyumba yawoyawo koyamba, ndipo chimenecho ndimachiyamikira. Koma makhonsolo sanamangenso nyumba zokwanira m'malo mwa zogulitsidwazo, ndipo lendi imene ikukulizani lero mbali ina inachokera pomwepo. Mukadzafikanso ku Yorkshire kapena kumwera kwa Wales, mudzafunse nkhalamba za kumeneko za sitiraka ya mu migodi ya malasha ya 1984 mpaka 1985, ndi zimene zinatsalira m'matauni awo migodiyo itatsekedwa.

Ifenso chipanichi tinakumana nacho. Boma lake ndi limene linatikakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, anthu athu akukana. Linali pampando pa 3 Marichi 1959 pamene anthu anawomberedwa ku Nkhata Bay, Kamuzu n'kutengeredwa kundende ya ku Gweru. Koma ndi nduna yakenso, Iain Macleod, amene anamutulutsa mu Epulo 1960. Chipani chimodzi chomwecho chinamanga, n'kumasulanso. N'chifukwa chake sindikuuzani kuti muchivotere kapena muchikane. Werengani zimene chikulonjeza chaka cha chisankho pa nyumba, pa zipatala, pa anthu obwera monga inu, muyerekeze ndi za zipani zinazo, ndipo muone ngati phungu wa dera lanu amaoneka pakagwa vuto.

Tsopano za kumudzi, pakuti apa ndi pamene mtima wanga uli. Kusunga, kulimbikira ntchito, kuphunzitsa ana ndi kudana ndi ngongole ndi makhalidwe abwino, koma si katundu wa chipani. Agogo anu aakazi ankasankha ngala zazikulu za chimanga, n'kuzikoleka pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe, ndipo ngakhale njala ya mu Febuluwale ifike poipa sankazigwira, poti inali mbewu. Makhalidwe amenewo munachoka nawo kuno.

Mzungu amene akunena kuti wadziyimira payekha ali ndi boma kumbuyo kwake. Akadwala amapita kuchipatala cha boma cha NHS, chimene chinayamba mu 1948 ndipo ngakhale a Conservative sanachithetse. Akakalamba alandira penshoni. Azakhali anu akadwala usiku, ndalama ya galimoto yowapititsa kuchipatala iyenera kuchoka m'thumba la wina, ndipo winayo ndinu. Inunso fizi yanu ya ku sekondale inachoka m'thumba la amalume anu.

Sindikunena kuti muziyankha foni iliyonse yopempha. Achibale ena amayesa kuti mapaundi amatoledwa pamsewu, ndipo amenewo muziwakaniza mwaulemu, osachita manyazi. Khalani pansi awirinu mugwirizane: fizi ya ana pa teremu, fetereza mvula isanagwe, ndi kathumba ka matenda ndi maliro. Sankhani munthu mmodzi wokhulupirika kuno wolandira, muuzeni kuchuluka kwake ndi tsiku lake, kuti nayenso akonzekere. Zotsalazo sungani za nyumba yanu. Mukatumiza ya fetereza, ifike Okutobala asanathe, chifukwa mvula ikayamba mitengo imakwera.