Mivi ya uta wa mapaundi 65: yambani mwayeza musanagule

Achimwene, mwanena kuti uta wanu ndi wautali uja wamtengo, wolembedwa mapaundi 65 pa mainchi 28, ndipo mivi ya kaboni ya nambala 500 imene munagula ikumenya uta pochoka n'kumauluka ikugwedeza mchira. Vuto si dzanja lanu ayi. Mivi imeneyo ndi yofewa komanso yopepuka kwambiri pa uta wotere, ndipo muisiye lero lomwe isanakuthyokereni pamkono.

Choyamba dziwani mphamvu yeniyeni ya utawo m'manja mwanu, chifukwa 65 yolembedwayo ndi ya munthu wokoka mainchi 28. Kokani mpaka pomwe mumafikitsa dzanja pankhope, mnzanu alembe chizindikiro pa muvi pomwe walekezera uta kutsogolo, muyeze. Inchi iliyonse yoonjezera imakweza mphamvu ndi mapaundi awiri kapena atatu. Ngati mumakoka 29, uta wanu ndi wa 68. Sikelo yopachika ija yoyezera nyama kapena chikwama ikuuzani zoona: koletsani pachingwe, kokani mpaka pa chizindikiro, kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2. Muvi wosakira udutse kutsogolo kwa uta ndi inchi imodzi kuti mpeni wakunsonga usakhudze chala, ndiye wanu ukhala wa mainchi 30.

Tsopano kulimba kwa ndodo ya muvi, chimene ogulitsa amati spine. Mukamasula chingwe, muvi umapindika kaye n'kuzungulira chogwirira cha uta. Wofewa umapinda mopitirira, wolimba kwambiri sukwanitsa kuzungulira. Pa mivi yamtengo nambala imalembedwa m'mapaundi, monga 65-70 kapena 70-75, ndipo ikakula ndiye kuti ndodo ndi yolimba. Pa kaboni zimatembenuka: 340 ndi wolimba kuposa 400, ndipo 500 wanuyo ndi wa mauta ofewa. Ambiri amasokonezeka pomwepa.

Kuwerengera kwake pa mtengo kuli motere. Yambirani pa 68. Onjezani 5 pa inchi iliyonse imene muvi wapitirira 28, mwafika 78. Nsonga ikalemera kuposa magreni 125 (greni ndi kamuyeso kakang'ono ka kulemera kwa mivi), tinene 160, onjezani 5 ina. Chingwe chikakhala cha ulusi wamakono wosatamuka osati ulusi wakale wotamuka wotchedwa Dacron, 5 inanso. Kenako chotsani 5 mpaka 10 ngati chogwirira cha uta sichinasemedwe kufika pakati, monga mauta ambiri aatali alili, chifukwa muvi uli ndi mtunda woti uzungulire. Mupezeka muli cha pakati pa 70 ndi 80. Masamuwa ndi ongokulozerani khomo, choncho musaitanitse dazeni yonse. Itanitsani ndodo ziwiriziwiri za 65-70, 70-75 ndi 75-80, zonenepa 11/32 kapena 23/64 ya inchi. Katundu wotereyu amachokera kunja, ndiye kulakwitsa dazeni ndi ndalama zoti mungalire nazo.

Choyezera kulimba mutha kupanga nokha pakhoma la khonde. Khomani misomali iwiri yotalikirana masentimita 66, gonekani ndodo pamwamba pake, pakati penipeni mupachike botolo la madzi lolemera magalamu 907. Yezani mamilimita amene ndodo yatsika, mugawe 660 ndi nambalayo. Ikatsika mamilimita 9, ndi ya mapaundi 73. Ikatsika 10, ndi ya 66. Mwaona kuti milimita imodzi yokha ikusuntha mapaundi 7? Ndiye yezani ndi rula yachitsulo, diso lili pamzere, katatu pa ndodo iliyonse.

Kulemera nakonso n'kofunika. Uta wolimba ukaponya muvi wopepuka, mphamvu yotsala imabwerera mu uta momwemo: phokoso, kunjenjemera m'dzanja, pamapeto pake mng'alu. Muvi wathunthu ukhale wa magreni 9 kapena 10 pa paundi iliyonse, kwa inu magreni 610 mpaka 680, omwe ndi magalamu 40 mpaka 44. Pansi pa magreni 8 pa paundi musatsikepo. Ndiye chifukwa chake pa uta wotere, mwa mitengo yakunja yopangira mivi, Douglas fir amaposa Port Orford cedar ndi Sitka spruce, zomwe ndi zowongoka bwino koma zopepuka. Ash ndi wolemera ndiponso sathyoka wamba, kungoti amafuna kumuwongola pafupipafupi. Wina asakunamizeni kuti mkungudza wa ku Mulanje ndi cedar yemweyo. Ndi mtengo wina, ndipo ndi wotetezedwa. Mukakonda kaboni, tengani 340, muikemo kachitsulo ka mkuwa ka magreni 100 kunsonga kuti kulemera kuonjezeke.

Ndodo zozungulira za m'mashopu a hadiweya ku Malangalanga zisiyireni akalipentala. Mizere yake ya mtengo imatuluka m'mbali, ndipo ndodo yotere imang'ambika chopendekera n'kulowa m'dzanja logwira uta. Bango ndi la mauta ofewa. Nsungwi zazing'ono zokhwima, zouma bwino, zowongoledwa pamakala, zimatheka, bola iliyonse idutse pa misomali ija.

Pa ndodo yabwino mizere imayenda kuchokera kumutu mpaka kumchira osathawa. Kamphanda kolowa chingwe kadulidwe kapena kumatidwa mopingasa mizereyo, kuti mbali yolimba itsamire uta. Timizere tosongoka tooneka ngati malawi a moto tikhale pamwamba, titaloza kunsonga. Muvi ukathyoka uli choncho, chidutswa chakumbuyo chimakwera m'mwamba m'malo molasa dzanja.

Woweruza womaliza ndi uta. Imani mamita 10 kuchokera pa thumba lodzaza nsanza, muponye mivi itatu ya nthenga ndi umodzi wopanda nthenga, yonse ya nsonga zozungulira zolemera mofanana. Kwa wokoka ndi dzanja lamanja, wopanda nthenga ukagwera kumanja kwa inzake ndi wofewa: dulani mamilimita 6 kunsonga, muyesenso. Ukagwera kumanzere ndi wolimba: ikani nsonga yolemerapo kapena tsikirani pa gulu lofewerapo. Wamanzere atembenuze zonsezi. Muzidula pang'onopang'ono, chodulidwa sichibwerera. Nsonga ya mpeni musaiponye popanda nthenga, imakhotera kulikonse.

Nthenga zikhale zenizeni, zitatu, za mainchi 5, zonse za phiko limodzi. Za nkhukundembo ndiye zolimba. Zapulasitiki zimagunda chogwirira n'kukankha mchira wa muvi.

Dzinja la kuno ku Lilongwe, kuyambira Novembala mpaka Epulo, limapinda mtengo wosapaka, ndiye pakani vanishi katatu musanamate nthenga, ndipo mivi muzisunga choimika, kutali ndi khoma lachinyezi. Muvi uliwonse umene wagunda mwala muupinde pang'ono pafupi ndi khutu. Mukamva kuti tswa, uthyoleni pomwepo kuti wina asautole. Za kusaka nazo, pitani kaye ku ofesi ya Department of National Parks and Wildlife mukamve za chilolezo ndiponso ngati uta ukuloledwa pa nyama imene mukuifuna.