Za Peugeot ya atsibweni ija, msuweni tamvera

Eee, msuweni, uthenga wako ndaumva. Ndinali kudimba, foni ndinaisiya pachaja. Ndiye wafunsa kuti, "Kodi galimoto ya bambo aakulu ija inalidi ya mpikisano? Kuno ku Blantyre wina waona chithunzi chake, akufunsa." Akufunsa eti! Iwe, za mbiri ya galimoto wayamba kuzikonda liti? Si iwe unkabisala kuseri kwa nkhokwe tikamati tiyeni tikankhe? Munthuyo watchula mtengo, ine ndadziwa. Nena pagulu pompano, tonse tikumva.

Chabwino, ndikuyankha, koma undilole ndiyambire patali.

Ija ndi Peugeot 404. Atsibweni ankati inathamangapo Safari, mpikisano wa ku Kenya uja. Unayamba 1953, ukuzungulira Kenya, Uganda ndi Tanganyika, pambuyo pake unkachitika nthawi ya Isitala mvula ili pakati, matope akuwaonetsa. Ndipo 404 inapambanadi kumeneko, osati kamodzi: 1963, kenako 1966, 1967 ndi 1968. Chaka cha 1963 chija anafika kumapeto ndi magalimoto 7 okha, ena onse anatsalira m'njira. Atsibweni nkhani imeneyi ankainena ngati analipo. Komanso magalimoto a mpikisano ankagulitsidwadi ukatha. Joginder Singh anapambana 1965 ndi Volvo yogula kwa ena, yoti inali itathamanga kale chaka chapitacho. Ndiye kuti ina n'kutsetsereka mpaka kufika ku Ngabu, si zoti munthu angaseke ayi.

Ine ndaigwira ndi manja angawa. Mkati muli mapaipi owotcherera, ozungulira pamwamba pa mutu, oti ikagubuduzika denga lisakuphwanyeni. Pansi pa injini pali chitsulo chokhuthala choteteza ku miyala. Kutsogolo kuli mabowo anayi, pomwe pankakhala nyali zowonjezera. Pachitseko, dzuwa likapendeka, umaona chozungulira choyererako pansi pa penti, ngati paja amalembapo nambala ya mpikisano. Ndiye kumbuyo, pabuti, pali zogwirira ziwiri ndi popondera... aaa, zogwirira zimenezo! Dikira, ndikuuze.

Tsiku lopita ku chinkhoswe cha achemwali lija, iwe unali usanabadwe... ayi ndanama, unali kumsana, unkalira njira yonse. Mvula inali itagwa usiku kumtunda, ife kuno osadziwa. Tikufika pa Nkombedzi wa Fodya, madzi aphwera koma asiya thope lofika m'mawondo. Lole ya thonje yatitimira pomwepo, anthu akudula nthambi kuika kumatayala. Bambo ako akuti tibwerere, tikadikire mawa. Atsibweni osayankha. Atsika, jekete ili pathupi, kutentha konse kuja kwa kuno, iwo jekete sankavula akagwira chiwongolero. Ayenda m'thope muja ndi ndodo, akubaya apa, kubaya apo, ngati akufuna mbewa. Abwera. Akuti, "Amayi onse tsikani, muwoloke wapansi. Mphwanga, iwe kwera kumbuyo, gwira apa ndi apa. Ndikati dumpha uzidumpha, usaleke mpaka ndinene."

Ine nthawi imeneyo ndili Sitandade 6. Ndaponda pachitsulo paja, manja ali gwa pa zogwirira. Aika giya, ija ya pachiwongolero ija, angoti pang'onopang'ono, osaponda moto kwambiri. "Dumpha!" Ine jowu, jowu, galimoto ikuvina, matayala akumbuyo akuluma pansi nthawi iliyonse ndikatera. Thope likundimenya kumaso, malaya a chinkhoswe atheratu. Anthu a lole aja asiya nthambi, akungoyang'ana. Tatulukira tsidya lina! Atsibweni atsika, andipukuta kumaso ndi mpango wawo, akuti, "Ku Kenya amatero. Zogwirirazi anaziikira zimenezi." Mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimamva fungo la thope lija ndi petulo.

Nanga pokwera mapiri a Thabwa popita ku Blantyre? Ankanyamula chigubu cha madzi ndi kansanza. Galimoto ikayamba kutsamwa pakati pa chitunda, petulo atatentha m'paipi, ankaima, kunyowetsa kansanza kaja, kukulunga pa pampu ya petulo, n'kukhala pamwala kudya chimanga chootcha. Pakapita kanthawi, kiyi kamodzi, yalira. Munthu akamenyetsa chitseko ankamutsitsa, ngakhale akhale abusa. Funsa mayi ako aang'ono, akuuza zimene zinawaonekera pa Dyeratu.

Eee, ndimati chiyani... za bulubuku. Madzi a 2015 aja, Januwale, atalowa m'nyumba usiku, azakhali ananyamula zofunda ndi ufa. Atsibweni wailesi anaisiya, nsapato anazisiya, anatenga jumbo imodzi n'kuimangirira m'khosi. Tili kusukulu kuja tinathawira, ndinawafunsa kuti muli ndalama kodi? Anamasula, muli bulubuku ya galimoto. Anandipatsa kuti ndiwerenge ndi tochi. Msuweni, dzina lili mmenemo si la atsibweni. Ndi la bwana uja anawagulitsa, wa ku kampani ya nzimbe, amene anabwerera kwawo kalekale. Anapatsana ndalama, anagwirana chanza, kusintha dzina sanasinthe. Kapepala kogulitsirana ankati kalipo m'sutikesi, ine sindinakaonepo.

Ndiye ukafunsa kuti inalidi ya mpikisano, ine mumtima ndimati inde. Koma mapaipi aja, owotcherera a pa Nchalo akhoza kukuikira sabata imodzi. Chimene chimanena zoona ndi nambala. Pali kachitsulo kokhomedwa mkati mwa boneti, kali ndi nambala ya chesesi, ndipo injini nayo ili ndi yake. Zimenezo tiziyerekeze ndi za m'bulubuku. Kenako munthu apite ku Road Traffic ndi nambalazo, akafufuze kuti inalembedwa liti m'dziko muno, m'dzina la ndani, inalowa kuchokera kuti. Ikapezeka kuti inachokera ku Kenya, mpamene tingayambe kufunafuna nambala yake yakale, chifukwa pa zithunzi za mpikisano nambala ya galimoto imaoneka, ndipo okonda zimenezi amasunga mndandanda wa amene anathamanga chaka ndi chaka. Mnzako wa ku Blantyre uja akudziwa zonsezi, n'chifukwa chake wathamangira kufunsa ife tisanadziwe chimene tili nacho. Ikakhala yeniyeni ndi chinthu china, ikakhala wamba ndi chinanso, ndipo amene sakudziwa ndi amene amalira pambuyo.

Koma nkhani yanga yeniyeni si imeneyonso ayi. Galimoto ija si yako, si yanga, si ya bambo ako. Papepala ndi ya munthu wina, ndipo pakhomo paja mwini wake ndi azakhali, mayi ako aakulu, ndi ana awo. Malamulo a chuma cha masiye a 2011 aja amaika mkazi ndi ana patsogolo, ife a kuchimuna ndi a kuchikazi timabwera pambuyo. Kuti dzina lisinthe pafunika makalata a chuma cha masiye, kuyambira kwa DC ku Chikwawa, osati kungolemberana pa WhatsApp. Ndipo ndani wawafunsa azakhali? M'mawa uliwonse amasesa masamba a masawu pa boneti paja, nkhuku akaziona zikuikira pampando amazithamangitsa. Inu mukuona chitsulo cha dzimbiri, iwo akuona amuna awo.

Ndiye ndikunena pano onse amve, achimwene ku Joni nanunso mumve: galimoto siichoka pansi pa mtengo paja mpaka nambala tiziwerenge, ndipo mpaka azakhali anene okha ndi pakamwa pawo. Munthu asabwere ndi lole kudzaikoka, asabwere ndi kandalama koti "kogwirizira". Ngati akuifunadi adikira, yadikira zaka zonsezi.

Loweruka ndipita ndi sandipepa ndi kamafuta, ndikapala kachitsulo kaja pang'onopang'ono, ndijambula nambala ndiponya pagulu pano. Bulubuku ndikaipempha kwa azakhali ndiijambulenso, ndikafunsanso za sutikesi ija. Iwe msuweni, mnzakoyo umuuze kuti eni ake sanayankhe. Usatchule mtengo, usalonjeze kanthu, wamva? Nambala kaye, azakhali kaye. Ndipo ukamabwera pa Khirisimasi ubwere ndi shuga wa mayi ako aakulu, ukhale nawo pakhonde, uwafunse wekha za galimotoyo. Basi, foni yatsala pang'ono kuzima, moni kwa alamu.