Bel Canto inandiliritsa kutsogolo kwa kalasi yonse

Achemwali, funso lanu la ampangankhani ndi mfundo zazikulu za mu Bel Canto landitokosa pachilonda chomwe ndinkayesa kuti chinapola. Bukuli ndi la anthu ogwidwa ndi zigawenga m'nyumba imodzi, koma chonde musakalembe kuti likunena za Stockholm syndrome (kuja ogwidwa amayamba kukonda owagwira) n'kulekera pomwepo. Ine n'zimene zinandigwetsa.

Tinalipo anayi pagulu lathu, buku limodzi lokha, lafotokope, lomwe tinachita kusonkherana ndalama. Tinapangana kuti aliyense azikhala nalo masiku atatu. Mnyamata wina, dzina sinditchula koma akudzidziwa, analitenga koyamba n'kupita nalo kwawo ku Mchengautuwa. Masabata awiri athunthu! Foni osayankha. Ndinakwera kabaza kawiri konse kuchokera ku Chiputula m'mamawa, mu June, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, n'kukangouzidwa pakhomo kuti watuluka. Usiku woti mawa lake tikaimirira kutsogolo ndi pomwe ananditumizira timasamba tiwiri pa WhatsApp, ati "sisi, zonse ndapanga kale, iwe ungowerenga." Anali atangokopera pa intaneti. Ine ndi mantha ndinachezera usiku wonse kuloweza.

Kutacha iye sanabwere. Ndinaimirira ndine, pepala kumanja, n'kuyamba kulakatula kuti ogwidwa aja anayamba kukonda owagwira chifukwa cha mantha, monga zinachitikira pa banki ina ku Stockholm mu 1973. Aphunzitsi anandilekerera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa mofatsa kuti, "Pakati pa Carmen ndi Gen, anayamba kupempha kanthu kwa mnzake ndani?" Ndinayankha kuti Gen, poganiza kuti wopempha amakhala wogwidwayo. Wina kumbuyo anaseka. Anafunsanso kuti, "Nanga Cesar anafa akutani?" Achemwali, sindinkadziwa n'komwe kuti m'bukumo muli munthu wotchedwa Cesar. Kukamwa kunauma gwa. Pepala linanyowa ndi thukuta chikhalirecho kunja kukuwaza mvula, ndipo m'kalasi munali zii moti ndinkamva madontho padenga. Anzanga awiri aja anangozolika. Ndinayesa kubwereza za Stockholm zija, mawu akunjenjemera, aphunzitsi n'kukweza dzanja. Anati, "Khalani pansi. Mwawerenga zokhudza bukuli, koma bukulo simunalitsegule." Ndinatuluka misozi ili chuchuchu mpaka pasiteji ya minibasi. Malikisi a gulu lonse anagwa, ndipo mnyamata uja atatulukira anayamba kuuza anthu kuti wasokoneza ndine. Munthu wosunga buku la anthu anayi masabata awiri osalitsegula! Mpaka lero sanapepese, timakumana mumsika iye n'kumandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Zimandiwawabe.

Nditalilanda bukulo ndinaliwerenga mausiku atatu, ndipo ndinakwiya kawiri, chifukwa ndinaona kuti anandimana chinthu chokoma.

Ann Patchett analitulutsa mu 2001, ndipo gwero lake ndi zomwe zinachitika ku Lima, m'dziko la Peru. Pa 17 December 1996 zigawenga 14 za gulu loukira boma lotchedwa MRTA zinalowa m'nyumba ya kazembe wa Japan pali phwando, n'kusunga anthu masiku 126, mpaka asilikali a boma la Alberto Fujimori anathyola pa 22 April 1997 atakumba njira zapansi. Zigawenga zonse zinaphedwa, pamodzi ndi wogwidwa mmodzi ndi asilikali awiri. Izi zidziweni, koma musazisakanize ndi za m'buku ngati momwe timasamba tija tinachitira. M'bukumo dziko silitchulidwa dzina, nyumba ndi ya wachiwiri kwa pulezidenti, Ruben Iglesias, ndipo phwando ndi la tsiku lobadwa la Hosokawa, mkulu wa kampani ya ku Japan. Boma linkamunyengerera kuti amange fakitale, pomwe iye anangobwerera kudzamva Roxane Coss, mayi woimba wotchuka, akuimba. Pulezidenti amene zigawenga zinkafuna kugwira anatsala kunyumba kuonera sewero la pa wailesi ya kanema. Ndiye kuti chiyambire pomwe aliyense m'nyumbamo wapeza chomwe sanabwerere.

Funso la aphunzitsi lija ndi limene linanditsegula maso. Anayamba kupempha ndi Carmen, mtsikana wonyamula mfuti, ndipo chomwe anapempha kwa Gen, womasulira wa Hosokawa, n'choti amuphunzitse kuwerenga ndi kulemba Chisipanishi. Ankakumana usiku m'kachipinda kosungira mbale. Tsono wamantha ndani pamenepo? Wamfuti ndi amene akusowa kanthu kwa wogwidwa. Mukayang'ana bwino, bukuli lonse layenda choncho. Cesar, kamnyamata kachigawenga, kanamvetsera Roxane mpaka kanayamba kuimba ngati iye, Roxane n'kuyamba kukaphunzitsa, ndipo kanawomberedwa kali pa phunziro la nyimbo lomwelo. Ishmael, kamnyamata kena kachigawenga, anaphunzira tchesi pongoonerera ena akusewera, ngati mwana wodziwira bawo kumbuyo kwa akuluakulu, mpaka Iglesias anayamba kuganiza zomutenga akhale mwana wake. General Benjamin, mmodzi wa akuluakulu a zigawenga, nkhope itadyeka ndi mashingozi, amakhala pansi kusewera tchesi ndi Hosokawa. Iglesias yemweyo, mwini nyumba, amene anamenyedwa ndi mfuti kumaso tsiku loyamba, anasanduka wosesa ndi wotolera zinyalala za alendo ake. Kazembe wa France, Simon Thibault, ndiye anakhala wophika, ndipo poti ogwidwa saloledwa kugwira mpeni, zigawenga n'zimene zimamudulira anyezi. Pa munthu aliyense dzifunseni kuti kunja anali ndani, m'nyumbamu wasanduka ndani, ndipo akufuna chiyani kwa yani. Ubale wa ampangankhani uli pamenepo.

Koma ine amene anandigwira mtima ndi Gen, womasulira. Mwina n'chifukwa choti ndinakulira kuno ku Mzuzu komwe umapezeka ukumasulira Chitumbuka cha agogo kwa adokotala olankhula Chichewa, kapena Chitonga cha mayi wogulitsa usipa kwa mlendo. Ukamamasulira, mawu onse amadutsa mkamwa mwako koma palibe ako. Gen amanyamula zofuna za zigawenga, madandaulo a ogwidwa, ngakhale chikondi cha anthu ena. Pali pomwe Fyodorov wa ku Russia akufuna kuuza Roxane kuti amamukonda, ndipo Gen akuyenera kuima pakati n'kunena mawu achikondiwo ndi pakamwa pake, mtima wake uli kwa Carmen yemwe sanamuuzebe kalikonse. Pamenepo ndinatseka buku n'kukhala kaye chete. Mbali inayo, Hosokawa ndi Roxane alibe chiyankhulo chofanana, koma akugwa m'chikondi kudzera m'nyimbo, ndipo amene amamutsogolera Hosokawa usiku kupita kuchipinda cha Roxane ndi Carmen. Mukalemba za chiyankhulo ndi nyimbo ngati mfundo yaikulu, ikani maubale awiriwa pamodzi. Ndi mapasa, ndipo mathero a buku sangamveke popanda kuwaona choncho.

Mfundo ina ndi ya nthawi ndi kuiwala. Nyumba ija yakutidwa ndi nkhungu, ngati ija imatsika m'mawa ku Kaning'ina, ndipo anthu amayamba kukhala ngati kunja kulibe dziko. Munthu woyamba kufa sanafe ndi mfuti. Anali woimbira Roxane piyano, anafa ndi matenda a shuga chifukwa chosowa insulin. Kenako Kato, wantchito wa Hosokawa yemwe palibe ankadziwa kuti amatha piyano, analowa m'malo mwake, moyo n'kumapitirira. Mmodzi yekha amene akuona kuti zitha moipa ndi Messner wa Red Cross, chifukwa iye amalowa ndi kutuluka. Amawachonderera akuluakulu a zigawenga kuti agonje, osamumvera. Ndipo iwe wowerenga wauzidwa kale koyambirira kuti zigawengazo sizidzatuluka zamoyo, koma nawenso umaiwala. Asilikali atalowa, Hosokawa anaima kutsogolo kwa Carmen kumuteteza, onse awiri n'kufera pomwepo.

Za ukwati wa Gen ndi Roxane ku Italy kumapeto kuja, anthu ambiri zimawanyansa. Ine poyamba ndinakwiya nazo. Pano ndimaona kuti ndi anamfedwa awiri amene palibe wina padziko angamvetse chomwe anataya. Koma chimene sindinamukhululukire wolembayu n'choti umphawi wa ana aja, ndi abale awo omwe ali m'ndende amene akuluakulu awo ankafuna kuti atulutsidwe, wangozikhudza pang'ono, nthawi yambiri n'kuthera pa kukoma kwa mawu a Roxane. Ngati muli ndi mtima, lembani zimenezo, aphunzitsi amakonda munthu wotsutsa ali ndi umboni wa m'buku.

Ndiye langizo langa, musadalire munthu. Musadikire gulu, werengani nokha tsamba ndi tsamba, ndipo za pa intaneti musazidalire. Mukhale ndi kope, munthu aliyense tsamba lake, muzilemba pomwe wasinthira ndi nambala ya tsamba. Komabe musawerenge muli nokhanokha, bukuli lili ndi mayina ambiri, ine za Messner ndinazimvetsa titakangana ndi mnzanga wina masana onse ku Katoto. Pezani anthu awiri kapena atatu muzikambirana madzulo. Ndipo mayina a akuluakulu atatu aja, Benjamin, Alfredo ndi Hector, akakusokonezani, onani mwachidule pa intaneti kuti muwalongosole, ine ndinatero. Fotokope yanga ija ikadalipo, ili ndi zolembalemba zanga m'mbali ndipo masamba ena akumapeto anathothoka koma ndinawamata. Ndili ku Chiputula, ndilembereni ku inbox tikumane Loweruka. Ndikubwerekani sabata imodzi yokha, ndipo ndidzabwera ndekha kudzaitenga.